Sunagoge wolandira aliyense: timamudziwa bwanji, timalowamo bwanji?

Nachisale_Jozi
Moni nonse. Ndikufunsira banja lina lomwe likukhala ku Johannesburg. Mayi wa m'nyumbamo, bambo ake anali Myuda koma amayi ake ayi. Mwamuna wake ndi wa kwathu, Mkhristu, ndipo alibe maganizo osiya mpingo wake. Ali ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 11 amayendera njinga ya olumala. Akufuna sunagoge woti onse anayi azipitako popanda kuonedwa ngati alendo Sabata iliyonse. Vuto ndi loti pa intaneti aliyense akulemba kuti amalandira onse. Asankhe bwanji, ayambire pati, nanga zolipira zake zimayenda bwanji?

Kamtedza
Apite ku masunagoge a Progressive, nkhani yatha. Ku Johannesburg kuli Beit Emanuel ku Parktown, Bet David ku Morningside ndi Temple Israel ku Hillbrow, yomwe inatsegulidwa mu 1936.

Alefu_Beti
A Kamtedza mwatchula malo oyenera, koma nkhani siinathe. Banjali liyenera kumvetsa kaye mmene magulu a Chiyuda amaonera mayiyo, chifukwa zina zonse zikuchokera pamenepo.

A Orthodox, omwe ndi ochuluka kwambiri pakati pa Ayuda a ku South Africa, amawerenga Chiyuda kudzera mwa mayi. Wobadwa kwa mayi Myuda ndi Myuda, ngakhale asanapondepo m'sunagoge. Wobadwa kwa bambo Myuda ndi mayi wosakhala Myuda, kwa iwo si Myuda mpaka atadutsa mwambo wolowera. A Masorti, omwe ku America amatchedwa Conservative, pa nkhani ya mzere wa kuchikazi akugwirizana ndi a Orthodox, ngakhale pa udindo wa amayi m'mapemphero amasiyana nawo. A Progressive, omwe ena amati Reform kapena Liberal, ndiwo anatsegula khomo la mzere wa kuchimuna. A Reform a ku America anachita zimenezi mu 1983, koma anaika malire: mwanayo akhale kuti analeredwa m'Chiyuda. Dziko lililonse lili ndi malamulo akeake a gululi, choncho funso loyamba kwa rabi likhale lolunjika: mayiyu mukumuona ngati Myuda, kapena adutse kaye maphunziro ndi beit din, bwalo la chipembedzo lomwe limavomereza olowa Chiyuda? Nanga ana? Rabi adzafunsa ngati mayiyo anakula akusunga Pesach, Paskha wa Chiyuda, akuyatsa makandulo a Sabata, kapena anakulira m'tchalitchi. Ayankhe zoona, chifukwa yankho lakelo ndilo limasankha njira.

Mlenje77
Ndiye kuti akapanda kuvomerezedwa saloledwa kulowa?

Alefu_Beti
Ayi, kupemphera nawo ndi nkhani ina, kulembedwa m'kaundula ngati Myuda ndi ina. Munthu wosakhala Myuda akhoza kumapita chaka chonse. Zomwe sangachite ndi kuwerengedwa pa minyan, omwe ndi anthu akuluakulu 10 ofunika kuti mapemphero ena monga Kaddish, pemphero lomwe oferedwa amanena, anenedwe, kuvala nsalu yofunda popemphera yotchedwa tallit, ndi kuitanidwa kukanena madalitso pa mpukutu wa Tora, mabuku asanu a Mose.

Nkhwazi_ya_Leeds
Mawu oti "timalandira onse" musawakhulupirire kapena kuwakana, muwayese. Pitani kawiri kapena katatu, muyang'ane ndi maso.

Choyamba ndi pokhala. Ngati pali chotchinga pakati pa amuna ndi akazi, chimene amati mechitza, kapena akazi akukhala pamwamba pa khonde, ameneyo ndi sunagoge wa Orthodox ndipo banja silikhala pamodzi. Kenako onani amene akukwera pa bimah, pansanja pomwe amawerengera Tora. Kodi akazi akuitanidwa? Akunyamula mpukutu? Rabi wamkazi si chinthu chachilendo ku Progressive: Regina Jonas anadzozedwa ku Germany mu 1935, Sally Priesand ku America mu 1972, Jackie Tabick ku Britain mu 1975.

Pa mwana wa njingayo, musakhutire ndi njira yotsetsereka ya pakhomo lalikulu. Nyumba zambiri zakale zili nayo pakhomo koma bimah ili ndi masitepe atatu kapena anayi. Mwana wa zaka 11 watsala ndi zaka ziwiri kuti achite bar mitzvah, mwambo wosonyeza kuti wakula m'chipembedzo, ndipo tsikulo ayenera kufika pomwe pali mpukutu. Funsani ngati pali njira yokwerera, kapena ngati tebulo lowerengera amatha kulitsitsa pansi ndi kulifupikitsa kuti wokhala pa njinga aone zilembo. Onaninso chimbudzi, ndi chipinda chomwe ana amaphunzirira, chifukwa nthawi zambiri makalasi a cheder, sukulu ya chipembedzo ya ana, amakhala m'chipinda cham'mwamba.

Chomaliza, mukhale pa kiddush. Mapemphero akatha amadalitsa vinyo ndi buledi wolukaluka uja wotchedwa challah, anthu nkuimirira ndi timbale m'manja kumacheza. Apo ndi pomwe mpingo umaonekera mtima. Mukaima mphindi khumi popanda wokupatsani moni, mwaphunzirapo kanthu. Akakufunsani dzina nkukakuonetsani kwa rabi, mwaphunziranso kanthu.

Kamtedza
Zoona za bimah. Anthu ambiri amadzazikumbukira patatsala mwezi umodzi.

Gogo_Chalo
Ine sindikugwirizana ndi mmene mukuwaikira a Orthodox ngati anthu otseka zitseko. Pa kuchereza alendo ndi ovuta kuwaposa. Mlendo akafika Lachisanu madzulo, si zachilendo kuti banja lina limuitanire kunyumba kukadya chakudya cha Sabata tsiku lomwelo. Chifukwa sayenda pa galimoto pa Sabata, amakhala moyandikana, monga ku Glenhazel mu Johannesburg, ndipo wina akadwala kapena kuferedwa chakudya chimabwera pakhomo masiku otsatizana. Kumeneko nakonso ndi kulandira munthu.

Nkhwazi_ya_Leeds
Agogo, palibe akutsutsa za kuchereza. Koma funso lomwe lili pano ndi la banja lomwe bambo akhalabe Mkhristu. Beit din ya Orthodox siingalowetse mayi m'Chiyuda pamene mwamuna wake sakulowa nawo, chifukwa amafuna nyumba yonse isunge Sabata ndi malamulo a zakudya. Ndiye adzawadyetsa bwino, inde, koma ana sadzawerengedwa.

Gogo_Chalo
Pamenepo ndavomera. Koma awuzidwenso mbali inayo poyera. Wolowa Chiyuda kudzera ku Progressive, a Orthodox samuvomereza, ndipo ana obadwa kwa mayi wotero nawonso sawavomereza. Mwana wamkazi akadzakula nkufuna kukwatiwa ndi mnyamata wa ku Orthodox, adzauzidwa kuti ayambirenso. Ku Israel, Lamulo la Kubwerera la 1950, lomwe linakulitsidwa mu 1970, limapereka mwayi wa unzika ngakhale kwa mdzukulu wa Myuda, ndipo boma limavomereza kulowa kwa Progressive pa nkhani ya unzika. Koma maukwati a Chiyuda kumeneko ali m'manja mwa marabi a Orthodox. Munthu asadzadzidzimuke patapita zaka 15.

Alefu_Beti
Izi ndi zoona ndipo rabi wabwino wa Progressive amazinena yekha pa kukumana koyamba. Akapanda kuzitchula, mufunseni.

Chitedze
Pepani ndilowererepo. Nanga aja amavala tallit, amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa, koma amapemphera m'dzina la Yeshua, kutanthauza Yesu? Ali ambiri m'matauni ndipo amalandira aliyense popanda mafunso.

Alefu_Beti
Amenewo ndi a Messianic, ndipo chikhulupiriro chawo ndi cha Chikhristu chovala miyambo ya Chiyuda. Palibe gulu la Chiyuda, kaya Orthodox, Masorti kapena Progressive, lomwe limawawerenga ngati sunagoge. Amene akufuna kupemphera motero ali ndi ufulu, koma amene akufuna Chiyuda adziwe kuti satifiketi yolowera Chiyuda ya kumeneko siigwira ntchito kwina kulikonse. Njira yachidule yodziwira: onani ngati sunagogeyo ali pansi pa bungwe lodziwika. Ku South Africa a Progressive ali pansi pa South African Union for Progressive Judaism, yomwe ili m'bungwe la padziko lonse la World Union for Progressive Judaism. Ku Britain, a Reform ndi a Liberal anavota mu 2025 kuti aphatikizane kukhala gulu limodzi, ndipo a Masorti ali ndi bungwe lawo. Funsaninso komwe rabi anaphunzira. Ambiri a Progressive a ku Britain amachokera ku Leo Baeck College ku London.

Mlenje77
Nanga tsiku loyamba munthu amangodzuka nkupita ngati kutchalitchi?

Mlonda_wa_Pageti
Ayi ndithu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amakhumudwira nkubwerera osabweranso. Masunagoge amalonderedwa chifukwa akhala akuchitidwa chiwembu m'mayiko ambiri. Ku South Africa kuli gulu la chitetezo lotchedwa CSO, ku Britain kuli CST. Mukangotulukira pageti osadziwika, adzakufunsani mafunso ambiri ndipo akhoza kukubwezani.

Chitani chonchi. Lembani imelo ku ofesi ya sunagoge kumayambiriro kwa sabata, Lolemba kapena Lachiwiri, osati Lachisanu masana pomwe ofesi ikutseka. Nenani maina a onse obwera, chifukwa chomwe mukubwerera, ndi zoti mmodzi ali pa njinga kuti akukonzereni poimika galimoto. Ena amapempha chithunzi cha pasipoti kapena chitupa. Tsikulo tengani chitupacho, siyani zikwama zikuluzikulu kunyumba, ndipo musajambule nyumbayo kapena alonda.

Koma ndinene chilungamo. Munthu wakuda amafunsidwa kwambiri pageti kuposa mzungu wosadziwika, ndipo Ayuda akuda akhala akudandaula za zimenezi. Bungwe la Board of Deputies, loimira Ayuda a ku Britain, linatulutsa lipoti pa nkhaniyi mu 2021, lotsogoleredwa ndi mtolankhani Stephen Bush, ndipo khalidwe la alonda pakhomo linali m'gulu la zomwe anazidzudzula. Ndiye muyese apanso. Kufunsidwa ulendo woyamba ndi chitetezo. Kufunsidwa mafunso omwewo ulendo wachisanu, dzina lili kale m'buku, ndi nkhani yoti ipite kwa rabi kapena wapampando. Mmene adzayankhire dandaulolo mudzadziwa ngati mungakhalitse.

Nachisale_Jozi
Zikomo a Mlonda. Ndi bwino ayambe Lachisanu kapena Loweruka?

Mlonda_wa_Pageti
Lachisanu madzulo. Mapemphero olandira Sabata, Kabbalat Shabbat, amatenga pafupifupi ola limodzi ndipo nyimbo ndi zambiri. A Loweruka m'mawa ndi aatali chifukwa amatulutsa mpukutu ndi kuwerenga gawo la sabatayo. Amuna onse, ngakhale osakhala Ayuda, amavala kippah, kachipewa kaja, ndipo timakhala m'dengu pakhomo. Buku la mapemphero limatsegulidwa kuchokera kumanja, ndipo siliikidwa pansi. Likagwa, litoleni, ambiri amalipsompsona. Kabati yosungira mipukutu ikatsegulidwa onse amaimirira, koma amene sangathe amakhala popanda mlandu. Foni izimitsidwe. Mbale ya chopereka siiyenda pa Sabata, musavutike kusintha ndalama.

Usipa_Wouma
Poti mwatchula kiddush, masunagoge ambiri a Progressive amakhala ndi chakudya chobweretsa aliyense. Munthu wa kwathu angatenge chiyani osalakwitsa?

Mai_a_Ndiwo
Funsani kaye lamulo la khitchini yawo. Ambiri amati pasabwere nyama iliyonse, kuti nkhani yosakaniza nyama ndi mkaka isavute. Zikatero nsima ilibe vuto, nyemba, mpunga, nkhwani wotendera, zonse zili bwino. Masamba okha muwatsuke limodzilimodzi, chifukwa tizilombo tobisala m'masamba ndi toletsedwa. Pa nsomba lamulo ndi la pa Levitiko 11: ikhale ndi zipsepse ndi mamba. Chambo chili nazo, usipa uli nazo. Mlamba ndi kampango zilibe mamba, ndiye zisapite. Nyama ya nkhumba, mbewa ndi ngumbi nazonso ayi. Chomwe ambiri amaiwala ndi timabuloko tokometsera ndiwo tija, chifukwa tambiri timakhala ndi msuzi wa nkhuku kapena ng'ombe. Werengani pa pepala lake.

Chitedze
Koma dzombe Baibulo linaloleza.

Mai_a_Ndiwo
Linaloleza mitundu ina, ndipo Ayuda a ku Yemen anasunga mwambo wodziwa mtundu wake. Ena ambiri anasiya kudya. Ku Parktown musapite nalo.

Dzimbahwe
Popeza tapatukira kwathu kuno, tisaiwale kuti Chiyuda mu Africa si cha azungu okha. Ku Zimbabwe ndi ku Limpopo kuli Alemba, omwe sadya nkhumba, amachita mdulidwe ndipo amati makolo awo anachokera ku Sena. Ku Uganda, kufupi ndi Mbale, kuli Abayudaya omwe anayamba ndi Semei Kakungulu cha m'ma 1919, ndipo rabi wawo Gershom Sizomu anadzozedwa ku America mu 2008 ndi a Conservative.

Alefu_Beti
Zoona, ndipo nkhani ya Abayudaya ikutibwezera pa mutu wathu. Ngakhale anasunga Chiyuda zaka zambiri, ambiri mwa iwo anadutsabe pa beit din ndi kumizidwa m'madzi kuti magulu ena awavomereze. Ndiye ndifotokoze njirayo, poti mwina mayiyu ndi ana adzaidutsa.

Ku Progressive zimatenga chaka chimodzi kapena kuposerapo, ndipo chifukwa chake nchomveka: munthu aone zikondwerero zonse za pachaka ndi maso ake, Pesach, Shavuot, Rosh Hashanah, Yom Kippur, Sukkot, Chanukah, Purim. Pamakhala kalasi ya sabata ndi sabata, kuphunzira kuwerenga zilembo 22 za Chihebri, ndi kupezeka pa mapemphero mokhazikika. Rabi akaona kuti munthu wakonzeka amamutumiza ku beit din, bwalo la anthu atatu, omwe amafunsa chifukwa chake, zomwe akudziwa ndi mmene akukhalira kunyumba. Kenako ndi mikveh, kumira thupi lonse m'madzi, popanda mphete, ndolo, penti wa m'zikhadabo kapena chilichonse chotchinga madzi. Amalandira dzina la Chihebri ndi satifiketi. Satifiketiyo isungidwe ngati chikalata cha malo, chifukwa idzafunidwa pa ukwati wa ana ndi pa maliro.

Kwa amuna pali mdulidwe. Amene anadulidwa kale, kaya kuchipatala kaya ku jando, sadulidwanso. A Orthodox ndi a Masorti amachita mwambo wotulutsa kadontho kamodzi ka magazi wotchedwa hatafat dam brit, pomwe a Progressive ambiri saukakamiza. Ngati mwana ali ndi vuto la thanzi, kalata ya dokotala imamveka.

Zomwe zimalepheretsa anthu kawirikawiri si mayeso. Ndi kujomba. Amene amagwira ntchito ya mashifiti, monga osamalira okalamba ku Britain kapena a m'mashopu ndi m'malesitilanti ku Johannesburg, apemphe msanga kuti Lachisanu madzulo kapena Loweruka m'mawa azikhala omasuka kawiri pa mwezi, ndipo amuuze rabi mmene ntchito ilili kuyambira pachiyambi. China ndi chikhulupiriro. Beit din idzafunsa ngati munthu wasiya chipembedzo chake chakale. Sungalowe Chiyuda uli wogwiritsabe kuti Yesu ndi Mesiya, ndipo amene akuona kuti sangasiye ndi bwino akhale bwenzi la mpingo, palibe amene adzamunyoze. Ayuda sakopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo.

Mlenje77
Nanga bambo Mkhristuyo malo ake ndi ati? Azingokhala kumbuyo?

Nkhwazi_ya_Leeds
Zimasiyana sunagoge ndi sunagoge, ndiye afunse zinthu zenizeni. Kodi pali umembala wa mwamuna kapena mkazi wa Myuda? Amavota pa msonkhano wapachaka kapena ayi? Pa bar mitzvah ya mwana wake adzaima pa bimah pambali pa mkazi wake? Adzawerenga pemphero m'Chingerezi, kapena kudalitsa mwanayo? Malo ambiri a Progressive amalola zimenezi koma madalitso a pa Tora amasiyira Myuda. Afunsenso za ana kupita kutchalitchi. Marabi ambiri savomera kuti mwana aziphunzira cheder ndi Sande sukulu nthawi imodzi, amafuna makolo asankhe chipembedzo chimodzi cholerera mwana. Kupita ku Khirisimasi kwa agogo kumudzi si vuto. Bambo ndi mayi agwirizane nkhaniyi kunyumba asanakakumane ndi rabi.

Thengo_la_Minga
Ena ofunsa za sunagoge wolandira onse amatanthauza amuna kapena akazi okwatirana okhaokha. Muwayankhenso.

Nkhwazi_ya_Leeds
A Progressive a ku South Africa anavomereza kumangitsa maukwati otero mu 2007, boma litakhazikitsa lamulo lake mu 2006. Ku Britain a Reform ndi a Liberal amamangitsa, ndipo ali ndi marabi otero. A Orthodox samangitsa. Funso loyesera ndi limodzimodzi: pa fomu ya umembala awiriwo alembedwa ngati banja limodzi?

Msungichuma
Za ndalama zija sizinayankhidwe. Sunagoge amayenda ndi ndalama za umembala, za pachaka kapena zodulidwa mwezi ndi mwezi ku banki. Pamakhala mtengo wa munthu mmodzi, wa banja, wa ophunzira ndi wa opuma pantchito. Funsani zomwe zili mkati: makalasi a ana, maphunziro a bar mitzvah, mipando ya pa Rosh Hashanah ndi Yom Kippur. Kalasi ya olowa Chiyuda, beit din ndi mikveh nthawi zambiri zimalipiridwa padera. Amene sangakwanitse alankhule ndi msungichuma kapena rabi mwachinsinsi, mtengo umatsitsidwa, ndipo ndi chinthu chozolowereka. Cholakwika ndi kungosiya kulipira mwakachetechete, chifukwa ku Britain umembala umamangidwa pamodzi ndi thumba la maliro, ndipo wolowa atakula kale amatha kuuzidwa kuti awonjezere ndalama.

Gogo_Chalo
Mwafika pa nkhani yomwe ndimaidikira. Maliro akambidwe anthu ali moyo. Kwathu munthu akamwalirira kunja, abale amasonkha ndalama kuti thupi likagone kumudzi, ndipo kuti liwoloke malire liyenera kukonzedwa ndi mankhwala. Mwambo wa Chiyuda ndi wosiyana. Amaika msanga, mawa lake ngati nkotheka, thupi limasambitsidwa ndi gulu la chevra kadisha, limavekedwa nsalu yoyera m'bokosi losakongoletsa, salikonza ndi mankhwala ndipo palibe kuona nkhope. Kenako banja limakhala m'nyumba masiku 7 a shiva anthu akubwera kudzapepesa, zomwe ife sitingazione zachilendo. Mwala wa pamanda amadzauvundukula patapita miyezi, monga timachitira ndi chiliza.

Tsono m'manda a Chiyuda a mwambo wakale, mwamuna wosakhala Myuda sagona pambali pa mkazi wake. Ku Britain kuli manda ena a Progressive omwe ali ndi chigawo cha mabanja osakanikirana. Ku Johannesburg afunse rabi mmene zilili ndi omwe amayendetsa manda. Akagwirizana, alembe pa pepala ndipo eni mbumba kumudzi auzidwe, kuti tsiku la tsoka amalume asadzakangane ndi mpingo thupi lili kuchipatala.

Nachisale_Jozi
Izi sitinaziganizire nkomwe. Ndiwauza alembere masunagoge awiri, apite konse kuwiri kangapo, kenako apemphe kukumana ndi rabi. Akuganiza zoyamba pa Rosh Hashanah poti ndi tsiku lalikulu.

Mlonda_wa_Pageti
Asayambire pamenepo. Masiku amenewo nyumba imadzaza, malo ambiri amafuna tikiti kapena kulembetsa kale, chitetezo chimakhwima, mapemphero amatenga maola angapo ndipo rabi sapeza mpata wolankhula ndi mlendo. Asankhe Lachisanu wamba, afike mphindi 15 nthawi isanakwane, ndipo mu imelo apemphe kuti wina adzawachingamire pageti ndi kukhala nawo pafupi kuti aziwasonyeza tsamba.

Alefu_Beti
Ndipo mayiyo akamapita kwa rabi atenge chilichonse chosonyeza Chiyuda cha bambo ake: ketubah, chikalata cha ukwati wa Chiyuda, ya makolo a bambowo, satifiketi ya bar mitzvah, kapena chithunzi cha mwala wa pamanda chooneka bwino zilembo za Chihebri. Mwana wa zaka 11 uja alembetsedwe cheder mwezi womwe uno, chifukwa kuphunzira kuwerenga gawo lake la Tora kumafuna chaka chathunthu.